Womasulira amene anandifunsa kuti ndinakwiyira chiyani

Anzanga angapo akhala akundifunsa ngati nkoyenera kulipira munthu womasulira zikalata pamene foni imamasulira yokha. Ine ndinayesa njira zonse ziwiri pa chikalata chimodzi, ndipo nkhani yonse inagona pa liwu limodzi. Womasulira amene ndinamupeza ndi bambo wachikulire yemwe kale ankaphunzitsa zinenero. Masiku ano amagwirira ntchito pakhomo, zikalata mumawatumizira pa WhatsApp kapena pa imelo. Ndiziwatchula kuti aphunzitsi, monga ndinkawaitanira pafoni.

Ndimagwira ntchito ya ukalaliki kunyumba yosungiramo katundu wa kampani ina. Lolemba lina m'mawa kunapezeka kuti makatoni 6 a mabatire asowa. Abwana athu sanafunse munthu, sanatsegule buku lililonse. Anatisonkhanitsa tonse pabwalo, nkuitana mlonda wausiku, madala amene akhala pageti zaka 14, nkuwauza kuti avule jekete ya yunifomu pomwepo. Chimene chimandibwererabe m'maso ndi kavulidwe kawo. Sanayankhe kanthu. Anamasula mabatani limodzilimodzi, nkupinda jeketeyo bwinobwino, mikono m'kati, ngati munthu amene akudziwa kuti mawa aivalanso. Anaiika pampando, pamwamba pake nkusanjikapo tochi ndi wenzulo. Anatsala ndi malaya otha kolala, ataima pamaso pa anyamata amene ndi msinkhu wa zidzukulu zawo.

Buku la pageti limadutsa m'manja mwanga m'mawa uliwonse. Tsiku limenelo ndinali nditaona kale kuti Loweruka galimoto ina inatuluka 4 koloko masana, madalawo asanalowe ntchito, ndipo pamzere wa katundu panalibe amene anasaina. Ndinalankhula. Ndinati, "Pepani bwana, madalawa asanachoke tiyeni tione kaye buku." Atandiuza kuti ndikhale chete ndinabwerezanso, mawu akunjenjemera, ndipo ndikuvomera kuti ndinawakweza kuposa masiku onse. Sindinatukwane munthu. Madzulo ake ndinalandira kalata ya chenjezo yonena kuti ndachita mwano.

Nkhani yanga ndi ya madalawo zinapita ku komiti ya kulikulu, komwe amafuna umboni wolembedwa m'Chingerezi. Chingerezi changa ndi cha ntchito, cha malipoti ndi malisiti. Zimene zinali kukhosi ndinazilemba m'Chichewa, masamba atatu pamanja, ndipo pa tsamba lachiwiri panali chiganizo ichi: "Nditaona madala aja akupinda jekete ndinapsa mtima, ndipo sindikanatha kukhala chete."

Ndinayamba ndi pulogalamu ya pafoni. Mbali zambiri inayesetsa ndithu, masiku ndi maola inalemba molondola. Koma pa chiganizo chija inandipatsa kuti I lost my temper. Ndinawerenga kawiri, thupi nkuzizira. Mawu amenewo amanena za munthu amene walephera kudzigwira, wa mtima wapachala. Ndikanasaina pansi pake, ndikanakhala kuti ndavomera ndi dzanja langa mlandu womwewo umene abwana ankandiimba. Foniyo sinaname kwenikweni, chifukwa kupsa mtima nthawi zina kumatanthauzadi zimenezo. Koma inalibe njira yodziwira kuti mtima wanga unapsa ndi chiyani.

Aphunzitsi ndinawatumizira zithunzi za masamba atatu aja Lachiwiri usiku. Lachitatu masana anaimba foni.

"Mayi, ndafika pa tsamba lachiwiri ndipo ndaima. Mwalemba kuti munapsa mtima. Kodi abwanawo anakunyozani inuyo?"

"Ayi aphunzitsi, nthawi imeneyo anali asanandinene kanthu."

"Madalawo ndi abale anu?"

"Ayi, timangopatsana moni pageti."

"Nanga zikanakhala kuti anabadi, umboni ulipo, nkuwavula jekete momwemo, mukanamva chimodzimodzi?"

Funso limeneli linanditengera nthawi. Ndinawauza kuti zikanandimvetsabe chisoni, chifukwa munthu wamkulu savulidwa pagulu ngakhale atalakwa. Koma chimene chinandiimiritsa nchakuti buku linalipo, pa desiki panga, ndipo panalibe amene anafuna kulitsegula. Munthu ankalangidwa chifukwa ndiye anali wosavuta kumulanga.

"Zikomo mayi, liwu ndalipeza."

Kucheza konseko sikunapitirire mphindi 10, koma kwa ine ndi pamene panagona ntchito yonse imene ndinalipira. Chikalata chitabwera, chiganizo chija chinali chotere: I was indignant at the way he was treated, and I could not remain silent. Liwu lakuti indignant ndinali nditalionapo m'mabuku, koma ndinkangoliyesa dzina lina la kukwiya, la anthu ofuna kumveka ophunzira. Aphunzitsi amatumiza chikalata pamodzi ndi masamba a ndemanga ofotokoza chifukwa chimene asankhira mawu ena ovuta, ndipo m'menemo ndi mmene ndinaphunzira kuti silili choncho.

Liwuli, pamodzi ndi dzina lake indignation, linachokera ku Chilatini. Dignus ndi woyenera, in wa kutsogoloyo amakana, ndipo indignari ndi kuona kuti chinthu nchosayenera. Muzu womwewo ndi umene unabala liwu lakuti dignity, ulemu umene munthu amayenera kulandira chifukwa chongokhala munthu. Nditawerenga pamenepo ndinakumbukira malaya otha kolala aja. Ndiye kuti munthu akanena kuti ali indignant sakungotiuza kuti m'chifuwa mwake mwatentha. Akuweruza. Akunena kuti wina wachitidwa zosamuyenera, ndipo ukali wake ukuloza pa chosayeneracho. Aphunzitsi anapereka chitsanzo chimene chinandikhalira: mukhoza kukhala angry ndi mvula imene yakunyowetsani, kapena ndi galimoto yokana kulira, koma simungakhale indignant ndi mvula, chifukwa mvula siingakulakwireni. Liwuli limafuna pakhale wina amene akanatha kuchita chilungamo koma sanachite.

Anandisiyanitsiranso ndi mawu oyandikana nalo. Furious limangonena kukula kwa ukali, silinena chifukwa chake. Resentful ndi chakukhosi, chimene munthu amasunga nthawi yaitali, kawirikawiri pa zimene zinamuchitikira iye mwini, ndipo liwu limenelo likanapatsa komiti maganizo akuti ndinali ndi mangawa akale. Outraged lili pafupi, koma ndi laphokoso, limayenera zinthu zoopsa zimene zadzidzimutsa anthu ambiri. Pa chikalata cha kalaliki wopempha kuti buku litsegulidwe, likanamveka ngati ndikukokomeza.

Chimene ndinawakhulupirira nacho kwambiri ndi chenjezo limene anawonjezera. Analemba kuti eni Chingerezi amagwiritsanso ntchito liwu lakuti indignant pogemula munthu amene wadzitukumula pa kanthu kakang'ono, wodziona ngati walakwiridwa kwambiri pamene palibe chachitika. Choncho liyenera kuoneka kamodzi kokha m'chikalata, ndipo libwere pambuyo pa umboni. Anandipempha chilolezo choti ndime ya buku la pageti, imene ine ndinaiika kumapeto, aikweze pamwamba, kuti wowerenga ayambe waona galimoto ya 4 koloko ndi mzere wopanda siginecha, kenako amve mmene ine ndinamvera. Sanasunthe okha mwakachetechete. Anafunsa, ine nkuvomera. Womasulira amene amasintha dongosolo la umboni wa munthu osamuuza ndi woopsa, ndipo pamenepa aphunzitsi ndimawapatsa ulemu.

Pofuna kuonetsa kuti liwu lokha silipatsa munthu chilungamo, anatchula malo awiri a m'Baibulo. M'Chigiriki, chinenero chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo, muli mneni wakuti aganakteo, amene Mabaibulo ambiri a Chingerezi amamumasulira kuti indignant. Pa Marko 10:14 liwuli likunena za Yesu, pamene ophunzira ake ankaletsa ana kufika kwa iye. Koma pa Luka 13:14 liwu lomwelo likunena za mkulu wa sunagoge, amene sanakondwe kuti mayi wopindika msana zaka 18 wachiritsidwa pa Sabata. Mkuluyo naye ankadzimva kuti akuteteza choyenera. Kutentha kwa m'chifuwa kunali kumodzi, koma wina ankateteza ana, wina ankatetezera lamulo pamsana pa munthu wodwala.

Ndime imeneyi inandisowetsa tulo, ndipo ndinene chifukwa chake. Ine ndi abwana aja sitinkamwerana madzi kuyambira kale. Chaka chatha anandidumpha pokweza anthu pantchito, ndipo zinandiwawa. Ndiye usiku umenewo ndinadzifunsa ngati ndinaimiriradi madala, kapena ndinangopezerapo mpata. M'ndemangamo munalinso za Aristotle, Mgiriki amene anakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 Khristu asanabadwe. Iye mkwiyo wa mtundu uwu ankautcha nemesis, kumva kuwawa poona wina akupeza zabwino zimene sakuziyenera, ndipo anausiyanitsa ndi nsanje, imene imawawidwa ndi mwayi wa mnzako ngakhale akuuyenera. Anati mkwiyowu ndi chifundo zimatuluka mumtima umodzi, chifukwa chifundo chimawawidwa poona wina akuvutika mosayenera. Ndinadziyesa ndi muyezo umenewo. Akanakhala bwana wina amene ndimagwirizana naye, kodi ndikanalankhula? Ndikukhulupirira kuti inde, ngakhale mwina mawu sakanakwera choncho. Kukwera kwa mawuko ndiye kunali ndi zakale m'kati. M'mawa mwake ndinapempha aphunzitsi kuti awonjezere chiganizo chovomereza kuti ndinakweza mawu ndipo pa chimenecho ndikupepesa. Anachilemba mosazungulira.

Pali pamodzi pamene ine ndi iwo sitinagwirizane, ndipo mpaka pano sitinamalize. M'ndemanga zawo analemba kuti Chichewa chilibe liwu limodzi la mkwiyo wa mtundu umenewu, kuti timangonena mkwiyo kenako nkufotokoza. Ine ndikuti tili nalo, ndipo ndi kuipidwa. Taganizani mmene timalankhulira. Kupsa mtima kumanena za moto uli m'kati mwa munthu. Kukwiya kumaoneka pankhope, munthu watupa, sakuyankha moni. Kulusa ndi kwa munthu amene wafika pomenya kapena kuswa zinthu. Kukhumudwa ndi kwa amene ankayembekezera zabwino nkupunthwa. Mawu onsewa diso lawo lili pa wokwiyayo. Koma ndikanena kuti ndaipidwa ndi zimene mwawachita madalawa, diso lachoka pa ine, lapita pa chinthucho: chaipa, ndipo kuipa kwake kwandifika. Palibe angamve mawu amenewo nkunena kuti mayiyu ndi wa mtima wapachala. Ngati Chilatini chimati chosayenera, ife timati choipa, ndipo njira yake ndi imodzimodziyo. Ndimaona kuti ndikanalemba kuti ndinaipidwa poyamba pomwe, mwina nayo foni sikanandiponya kutali.

Ndinawalembera zimenezi, iwo nkuyankha ndi uthenga wa mawu wa mphindi zinayi. Anavomera kuti kuipidwa kumaloza pa cholakwacho, koma anati nkozizira. Munthu akhoza kuipidwa, nkupukusa mutu, nkumapita kwawo. Indignation ili ndi moto umene umamuimiritsa munthu pampando. Iwo akanati abweze liwulo ku Chichewa akanalemba kuti kuipidwa mpaka kupsa mtima, kapena kuwawidwa mtima ndi kupanda chilungamo. Ndikuona kuti ali ndi mfundo, koma sindikuvomera kuti kuipidwa nkozizira nthawi zonse. Amene anamvapo mayi wachikulire akunena motsitsa mawu kuti ndaipidwa nazo zimenezi, akudziwa kuti pakhomo pamakhala bata la mantha. Chimene ndinakonda nchakuti bambowa sanandiyankhe ngati mwana wa sukulu. Anatsutsana nane ngati munthu amene chinenerochi ndi chake naye.

Tsopano zimene sizinandisangalatse, chifukwa zilipo. Anandilonjeza chikalata Lachinayi madzulo, chinabwera Lachisanu usiku, pamene tsiku lomaliza kupereka linali Lolemba. Lachinayi lonse mauthenga anga sanayankhidwe, ndipo kwa munthu amene ntchito yake ili pachiswe tsiku lotero ndi lalitali. Kuchedwa ndikhoza kukumvetsa, koma kamzere kamodzi kondiuza kuti ndichedwa kakanandipumitsa mtima.

Chachiwiri nchachikulu. Pa tsamba loyamba ndinalemba m'mawu kuti makatoni asanu ndi limodzi, iwo analemba five. Diso linaima pa asanu, osafika pa limodzi. Mu umboni wa katundu wosowa, nambala yolakwika ikanatha kugwetsa chikalata chonse, chifukwa abwana akanangoti onani, sakudziwa nkomwe kuti anasowa angati. Ndinaliona vutolo ndekha powerenga kachiwiri. Nditawauza anapepesa mosadzikhululukira ndipo anakonza ola lisanathe, koma munthu amene anaima pa liwu limodzi tsiku lonse sankayenera kudutsa pa nambala mothamanga. Amene mukufuna kuwatumizira chikalata, manambala lembani m'zizindikiro zake, ndipo chikabwera muwerenge ndi chala pamzere uliwonse.

Chachitatu ndi kutalika kwa ndemanga. Umboni wanga unali masamba awiri otayipa, ndemanga zinali masamba atatu, ndipo theka lake silinkakhudza mlandu wanga. Lachisanu usiku, mutu uli pa komiti, ndinalibe mtima wowerenga mbiri ya liwu. Akanaika zofunika pamwamba, zotsalazo pansi pa mzere. Komabe nkhani itadutsa ndinabwererako, ndipo zina mwa izo ndazisunga. Analemba za Stéphane Hessel, Mfalansa amene analimbana ndi chipani cha Nazi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, yemwe mu 2010, ali ndi zaka 93, anatulutsa kabuku kakang'ono kotchedwa Indignez-vous, kolimbikitsa achinyamata kuti asazolowere zosalungama. Pa 15 May 2011 anthu a ku Spain anayamba zionetsero zimene zinadzaza bwalo la Puerta del Sol ku Madrid, potsutsa ulova ndi kayendetsedwe ka chuma, ndipo anadziwika ndi dzina lakuti Indignados. Mwezi womwewo Agiriki anasonkhana pabwalo la Syntagma ku Athens, nkumatchedwa Aganaktismenoi, kuchokera ku mneni yemwe uja wa pa Marko 10:14. Anthu amenewa sanadzitche okwiya chabe. Anasankha dzina lonena kuti zimene akuchitidwa nzosawayenera.

Kanthu kena ka m'ndemangamo kanandigwira mtima mwa njira ina. Mu 2003 Sarah Brosnan ndi Frans de Waal anafalitsa kafukufuku wa apusi a mtundu wa capuchin. Pusi ankapereka kamwala kwa wofufuza nkulandira kachidutswa ka nkhaka, ndipo ankadya bwinobwino. Koma akaona mnzake wa pambali akulandira mphesa pa ntchito yomweyo, nthawi zambiri ankakana nkhakayo, mwinanso kuitaya. Aphunzitsi anawonjezera mzere umodzi pansi pake, wakuti amene ankakana ndi wolandira nkhaka, wolandira mphesa ankangodya. Kuwawidwa ndi tsankho limene lagwera iwe mwini nkosavuta. Pabwalo paja tinalipo anthu oposa 20 amene jekete zathu zinali pathupi, ndipo sindikuwaweruza anzangawo, chifukwa aliyense ali ndi ana ofuna kudya. Nanenso ndinakhalapo chete pa zinthu zina m'mbuyomu. Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma mantha nawo amati mawa limenelo lisafulumire.

Pa za chinsinsi anachita bwino. Anandifunsa okha ngati ndikufuna kuti afufute zithunzi ndi chikalatacho ntchito ikatha, ndipo zolipira zinakhala zomwe tinagwirizana poyamba ngakhale ndinawabwezera chikalatacho kawiri. Kwa munthu wofuna kumasulira risiti kapena chidziwitso chapakhoma, foni ikukwanira. Koma ngati m'chikalatamo muli mtima wanu, ndipo amene akawerenge ali ndi mphamvu pa ntchito yanu, bambowa ndingakutumizeniko, bola muwapatse masiku awiri apadera ndipo manambala mudzionere nokha.

Ku komiti kunali anthu atatu. Wapampando, mayi wa magalasi, ankawerenga chikalatacho chamumtima, cholembera chikuyenda pansi pa mizere. Atafika pa chiganizo chija anaima, nkuchiwerenga mokweza, kenako nkundiyang'ana pamwamba pa magalasiwo. Anafunsa kuti chimene ndinaona kuti nchosayenera chinali chiyani kwenikweni. Sanafunse chifukwa chimene ndinalepherera kudzigwira. Ndinatsegula buku la pageti pa tsamba la Loweruka nkulitembenuzira kwa iwo. Patatha sabata ziwiri kalata yanga ya chenjezo inachotsedwa m'faelo.

Nkhani ya madala ikadali m'kati, adzaonekera mwezi wamawa, ndipo umboni wawo akumasulira ndi aphunzitsi omwewo. Madalawo salemba kwambiri, choncho anafotokoza pafoni yanga, ine nditakhala pambali. Anacheza mphindi 40. Aphunzitsi anawafunsa funso lomwe lija, lakuti anamva bwanji pamene ankavula jekete, ngati anakwiya kapena anaipidwa. Madalawo anakhala chete kanthawi, akusisita bondo ndi chikhatho.

"Kukwiya ayi, aphunzitsi. Ine ndinachita manyazi. Ndinkangoganiza kuti ana aja aona malaya anga."

Kumbali inayo kunali zii. Kenako aphunzitsi anati, "Bambo, ndipatseni mpaka mawa, ndikufuna ndiliganizire bwino limeneli."